Thambo lonse m'kalaputopu kakale: mafunso a ofuna kudziwa nyenyezi

Magetsi akathima usiku wa mu Juni, ambirife timathamangira kandulo uku tikung'ung'udza. Koma amene watuluka panja n'kukweza maso amapeza kuti thambo lija, lomwe masiku onse m'tauni limaoneka ngati bulangete lakutha, ladzaza nyenyezi mbuu. Ndiye funso limabwera lokha: yowala kwambiri ija ndi iti? Kale tikanafunsa agogo. Masiku ano ena timafunsanso kalaputopu kakale, kaja ana anakataya chifukwa sikatha magemu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga amandifunsa akandipeza pakhonde usiku, mutu ndalowetsa m'katoni, nkhope ili psuu ndi kuwala kwa sikirini.

Kodi pulogalamu yoonetsa thambo imajambula kumwamba ngati kamera?

Ayi, siijambula kanthu. Imawerengera. M'kati mwake muli mndandanda wa nyenyezi ndi malo a iliyonse, komanso masamu a mmene dziko, mwezi ndi mapulaneti zimayendera. Mukaiuza pamene muli ndi nthawi yake, imakujambulirani thambo mmene liyenera kuonekera pamalopo. N'chifukwa chake imakuonetsani nyenyezi ngwee ngakhale panja pakugwa mvumbi wa mu Januwale: za mitambo siidziwa. Nzeruyi inachokera ku nyumba zotchedwa planetarium, za denga lozungulira ngati nkhali yovundikira, momwe makina amawalitsa nyenyezi kudenga anthu atakhala pansi. Makina oyamba otere anapangidwa ndi kampani ya Zeiss ku Germany mu 1923, ndipo nyumba ya ku Johannesburg inatsegulidwa mu 1960. Zimene kale zinkafuna nyumba yathunthu, lero zikukwana m'chikwama cha mwana wasukulu.

Mapulogalamuwa alipo ambiri. Ndiyambe ndi iti?

Yambani ndi Stellarium. Ndi yaulere, ndipo si yaulere ya masiku 30 kenako n'kuyamba kukupemphani ndalama ayi. Anaiyambitsa Fabien Chéreau wa ku France mu 2001, ndipo anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana akuisulabe mpaka pano. Imagwira pa Windows, Linux ndi Mac, ndipo imabwera ndi nyenyezi zoposa 600,000. Ubwino wake ndi woti thambo lake limafanana ndi lomwe maso amaona: pansi pali nthaka, dzuwa likamalowa kumafiira, nyenyezi zimaphethira.

Ilipo ina yotchedwa Cartes du Ciel, ya Patrick Chevalley wa ku Switzerland. Iyi imaoneka ngati mapu a papepala, ilibe zokongoletsa, koma ndi yopepuka moti kompyuta yofooka imainyamula bwinobwino. KStars nayo ndi yabwino, makamaka kwa a Linux. Celestia ndi yosangalatsa ana chifukwa imakuulutsani mpaka ku Saturn, koma pa ntchito yozindikira nyenyezi muli pabwalo panu siithandiza kwenikweni.

Kalaputopu kanga ndi kaja kakang'ono ka sikirini ya mainchesi 10. Kangakwanitse?

Nthawi zambiri kamakwanitsa, bola musankhe mtundu woyenera wa pulogalamuyo. Timalaputopu timeneti tinatchuka kuyambira 2007 pamene Asus inatulutsa Eee PC, ndipo tambiri tili ndi pulosesa ya Intel Atom ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB. Chimene chimavuta si masamu a nyenyezi, amenewo ndi opepuka. Chimavuta ndi kachipangizo kojambula zithunzi pasikirini, pakuti Stellarium imadalira OpenGL, ndipo mitundu yake yatsopano imafuna OpenGL yatsopanonso.

Ndiye chitani motere. Ikani yatsopano kaye. Ikakana kutseguka, kapena ikatseguka sikirini ili bii, kapena zilembo zikaoneka zothyokathyoka, yang'anani pa Start ya Windows: pambali pa Stellarium yeniyeniyo pamakhala ina yolembedwa kuti Mesa, yomwe imapatsa pulosesa ntchito yojambula. Imayenda pang'onopang'ono koma imayenda. Zikakanikabe, funani mtundu wakale wa 0.12, umene unapangidwa m'masiku a timakompyuta totere. Musaope kuti ndi wakale. Sirius sinasamuke chiyambire 2013. Onetsetsaninso ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit musanawononge bandulo pa fayilo yolakwika.

Bandulo ndi yodula. Kodi ndizifunika intaneti usiku uliwonse?

Ayi. Intaneti imafunika potsitsa pulogalamuyo kamodzi kokha, ndipo ndi mamegabayiti mazana angapo. Mmodzi akatsitsa, ena onse akhoza kukopera pa fulashi, ndipo chilolezo chake chimavomereza zimenezi, si kuba. Ikalowa m'kompyuta imagwira ntchito kumudzi kopanda netiweki. Zofuna intaneti ndi zowonjezera zokha: njira za masetilaiti, nyenyezi za mchira zongotulukiridwa kumene, ndi mindandanda ikuluikulu ya nyenyezi mamiliyoni. Yotsirizayi musavutike nayo. Idzangodzaza RAM ndi nyenyezi zoti maso anu sadzaziona.

Ndaitsegula, koma zomwe ikuonetsa sizikufanana ndi thambo langa. Yalakwa?

Mwa anthu khumi odandaula chonchi, ndinganene kuti pafupifupi onse vuto lawo ndi malo kapena nthawi.

Malo kaye. Stellarium imayesa kudziwa komwe muli kudzera pa intaneti, ndipo ikalephera imangokuikani ku Paris. Thambo la ku Paris si lathu. Kumeneko amaona Polaris, nyenyezi ya kumpoto yotchuka m'mabuku a sukulu, yomwe kuno siioneka n'komwe; ife timaona Southern Cross, yomwe iwo saiona. Dinani F6, lembani dzina la mzinda wanu, musankhe, kenako chongani kabokosi kouza pulogalamu kuti malowo ndiwo izitsegukira nthawi zonse. Mukaiwala kuchonga, mawa mudzadzukanso muli ku France. Ngati dera lanu mulibe mumndandanda, sankhani tauni yapafupi. Makilomita 50 sasintha kanthu koti maso n'kuona. Olemba okha manambala adziwe kuti Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kummwera ndi 34 kummawa, Blantyre pafupifupi 16 kummwera ndi 35 kummawa. Chenjerani ndi chilembo: S osati N. Mukalakwitsa pamenepo mwasamukira ku Sudan.

Nthawi ndiye imapusitsa kwambiri. Thambo limatembenuka madigiri 15 pa ola lililonse. Malaputopu ambiri a kaunjika amabwera atatcheredwa nthawi ya dziko lomwe achokera, ndipo ena timangokonza manambala a wotchi osasintha chigawo cha nthawi. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zonse zili pa UTC+2. Mukasemphana ndi maola awiri, thambo lonse lasuntha madigiri 30, zibakera zitatu zathunthu mukayeza mutatambasula mkono.

Ine zinandigwera mwanjira ina. Usiku wina ndinafunafuna Jupiter pomwe sikirini inkaloza, pamwamba pa mtengo wa mango wa aneba, koma panali mdima wokhawokha. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kutukwana amene anandigulitsa kalaputopuko. Kenako mwana wa mchemwali wanga, wa Sitandade 7, analoza pansi pa sikirini n'kuti, "Amalume, kodi chaka chino ndi 2009?" Kabatire kakang'ono kosunga wotchi m'kati mwa kompyuta, kaja konga ndalama yachitsulo, kanali katatha, ndipo tsiku linkabwerera m'mbuyo ndikangozimitsa. Nyenyezi zimakhala pomwepo chaka ndi chaka pa tsiku lofanana, koma mapulaneti ayi. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndayang'ana deti, kenako ndidine 8 kuti pulogalamu ibwerere ku nthawi ya pano.

Mabatani ndi ambiri. Ofunika kuloweza ndi ati?

Pa kalaputopu kakang'ono, usiku, zala zitazizira, kufufuza timizere ndi mausi n'kudzizunza. Lowezani ochepa. F3 ndi yofufuzira dzina, F5 deti ndi nthawi, F4 kaonekedwe ka thambo, F2 makonzedwe a pulogalamu. C amalumikiza nyenyezi za gulu limodzi ndi mizere, V amalemba mayina a magulu, Q amaonetsa kumpoto, kummwera, kuvuma ndi kuzambwe. G amachotsa nthaka kuti muone zomwe zisanatuluke, A amachotsa mpweya moti nyenyezi zimaoneka ngakhale masana. L amathamangitsa nthawi, J amaibweza, K amaibwezera pa liwiro lake. Mukadina nyenyezi, batani lalitali la m'munsi limaiika pakati, ndipo Page Up ndi Page Down amayandikitsa ndi kutalikitsa. Pa malaputopu ena mabatani a F amafuna kuti mugwirenso Fn. Mukaiwala zonse, F1 ali ndi mndandanda.

Timabokosi tina sitikwana pa sikirini ya 1024 ndi 600, moti batani lomwe mukulifuna limabisala m'munsi. Chepetsani kukula kwa zilembo mu F2, ndipo m'menemo sankhani kuti zolemba za pakona yakumanzere zikhale zazifupi; zikapanda kutero zimaphimba theka la thambo. Mukamaliza dinani posungira makonzedwe, apo ayi mawa muyambiranso.

Ikuyenda modukizadukiza, fani ikulira, batire likutha msanga. Nditani?

Stellarium ikasiyidwa yokha imajambula thambo kambirimbiri pa sekondi, ngati gemu ya mpira. Koma nyenyezi sizithamanga. M'foda ya makonzedwe ake muli fayilo yotchedwa config.ini, itseguleni ndi Notepad pulogalamuyo ili yotseka, mupeze mizere iwiri ya maximum_fps ndi minimum_fps. Woyambawo ikani 20, wachiwiriwo 5 kapena kucheperapo. Mudzamva fani ikutonthola. Kenako mu F4 zimitsani kuphethira kwa nyenyezi ndi zithunzi za nyama ndi anthu zojambulidwa pa magulu, ndipo mu F2 letsani zowonjezera zomwe simuzigwiritsa ntchito kuti zisamatseguke. Zimitsani Wi-Fi, tsitsani kuwala kwa sikirini mpaka pansi. Dziwaninso kuti chisanu chimafooketsa batire: la maola atatu masana likhoza kukusiyani msanga usiku wa mu Julayi ku Dedza. Njira yabwino koposa ndi yosalira luso: onani zomwe mukufuna, tsekani chivundikiro, yang'anani kumwamba.

Ndikayang'ana pasikirini kenako kumwamba, sindionanso kanthu. Maso anga ali ndi vuto?

Maso anu ali bwino. Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 mumdima kuti lizolowere n'kuyamba kuona nyenyezi zofooka, koma kuwala koyera kwa sekondi zochepa kumafafaniza zonsezo. Kuwala kofiira kofooka sikuthobwa m'maso motero. Dinani Ctrl ndi N pamodzi, ndipo Stellarium yonse isanduka yofiira. Koma musakhulupirire zimenezi zokha. Sikirini za malaputopu zimawalabe kuseri ngakhale pamene pakuoneka pakuda, ndipo kauthenga kamodzi ka Windows kotulukira pakona, koyera mbee, kakhoza kukuwonongerani theka la ola. Ine ndimamata pepala la pulasitiki lofiira pasikirini yonse, lija timakutira mphatso, mapepala awiri kapena atatu, ndipo timagetsi ta m'mbali ndimatimata tepi yakuda.

Katoni ija ili ndi ntchito ziwiri. Ndimaigoneka cham'mbali patebulo, kalaputopu m'kati. Imatchinga kuwala kuti kusasokoneze anzanga, komanso imateteza ku mame, omwe m'miyezi yozizira amanyowetsa kiyibodi usiku usanafike pakati.

Laputopu siidziwa komwe ndayang'ana. Ndigwirizanitsa bwanji sikirini ndi thambo?

Apa foni imaposa laputopu, chifukwa ili ndi kampasi, ngakhale kampasi yake imanama mukaima pafupi ndi malata kapena galimoto. Pa laputopu mbali mudziwe nokha, ndipo n'zabwino kutero. Madzulo onani pomwe dzuwa lalowera; mukayang'ana kumeneko, kummwera kuli kudzanja lanu lamanzere. Tembenuzani thambo la pasikirini kuti chilembo S chikhale pansi pakatikati, inunso muyang'ane kummwera. Yambani ndi chinthu chosasokonekera. Kuyambira Epulo mpaka Julayi madzulo, Southern Cross imakhala pamwamba ndithu, ndipo pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoiloza. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, yomwe kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi inayi kuti kutifike. Mu Julayi ndi Ogasiti gulu la Scorpius, lopindika mchira ngati chinkhanira chenicheni, limakhala pafupifupi paliwombo. M'dzinja, mitambo ikang'ambika, yambirani pa nyenyezi zitatu zondondozana za Orion, muzitsate mpaka pa Sirius, yowala kuposa nyenyezi zonse za usiku. Poyeza mtunda, chibakera chanu mutatambasula mkono chimaphimba madigiri pafupifupi 10.

Musadabwe kuona Orion ataimirira chadodolido poyerekeza ndi chithunzi cha m'buku. Mabuku ambiri analembedwa ku Ulaya ndi ku America. Sikirini ndiyo ikunena zoona za kwanu.

Nanga bwanji pasikirini nyenyezi ndi zambiri ndiponso zokongola kuposa zomwe ndikuona?

Chifukwa simunaiuze za magetsi a m'dera lanu. Mu F4 muli poikira kuchuluka kwa kuwala kwa m'tauni, pa sikelo ya 1 mpaka 9 yomwe John Bortle anafalitsa mu 2001: 1 ndi mdima weniweni wa kutchire, 9 ndi pakati pa mzinda waukulu. Kwezani nambala mpaka sikirini ifanane ndi thambo lanu. Muli ku Johannesburg kapena London mudzafika kumapeto kwa sikelo. Muli kumudzi kutali ndi tauni, mwezi kulibe, mudzatsika kufupi ndi 2, ndipo mudziwe kuti alipo anthu olemera amene amakwera ndege kukafuna mdima umene inu mumaudandaula. Mwezi wathunthu nawo umafufuta nyenyezi zofooka, chimodzimodzi utsi wa malupsa ndi fumbi la mu Sepitembala ndi Okutobala.

Za mitundu yokongola ija, ndi zithunzi zojambulidwa ndi makamera otsegula diso nthawi yaitali. Maso a munthu amaona zinthu zimenezo ngati utsi wotuwa. Komabe timitambo tiwiri totuwa tomwe mudzaone kummwera madzulo a mu Novembala ndi Disembala, tosasuntha ndi mphepo, ndi milalang'amba ina yathunthu, Magellanic Clouds, ndipo kuwala kwa waukuluwo kunanyamuka zaka pafupifupi 160,000 zapitazo.

Ndinaona kuwala kukuyenda mwakachetechete pakati pa nyenyezi. Anthu akuti ndi afiti. Pulogalamuyi inganene?

Kawirikawiri inganene, ndi dzina lomwe. Kadontho koyenda mosathamanga, kosaphethira, kopanda phokoso, m'maola oyamba dzuwa litalowa kapena m'bandakucha, ndi setilaiti yomwe ikuwalidwa ndi dzuwa. Yowala kwambiri ndi International Space Station, yomwe imauluka makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu n'kuzungulira dziko m'mphindi 90 zokha, muli anthu m'kati. Ikazimirira mwadzidzidzi pakati pa thambo, yalowa mumthunzi wa dziko. Timadontho tondondozana ngati sitima ndi masetilaiti a Starlink ongoponyedwa kumene. Kuti Stellarium ilondole zimenezi, ilumikizeni pa intaneti masiku angapo alionse, chifukwa njira za masetilaiti zimasintha. Kuwala kong'anima kamodzi n'kuzima, komwe timati nyenyezi yathothoka, ndi kamwala, nthawi zambiri kochepa ngati mchenga, kakupsa mumpweya. Kamodzikamodzi pulogalamu singakalosere, koma masiku omwe timagwa tambiri amadziwika: cha pa 5 ndi 6 Meyi m'bandakucha, ndi pa 13 ndi 14 Disembala.

Ndiye kuti ingalosere zam'tsogolo?

Za kumwamba, inde, ndipo mukhoza kuiyesa. Ikani malo pa Lusaka, deti 21 Juni 2001, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, muone mwezi ukuphimba dzuwa lonse monga momwe anthu a kumeneko anaonera. Kenako pitani ku Durban pa 25 Novembala 2030 m'mawa, muone kadamsana amene akubwera. Koma za ukwati wanu ndi malonda anu siidziwa. Ndipotu ikhoza kukutsegulani maso pa nkhani ya nyenyezi zobadwira za m'manyuzipepala: ikani 25 Malichi, dinani A ndi V. Manyuzipepala amati tsikulo ndi la Aries, koma dzuwa mulipeza lili mu Pisces.

Popanda telesikopu, sindikungotaya nthawi?

Ayi ndithu. Chaka choyamba chonse maso okha akukwanirani, ndipo mapulaneti asanu amaoneka popanda chida: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. Mukafuna kugula kanthu, gulani mabainokyula a 7x50 kapena 10x50. Mukawatsamiritsa pampanda kuti asanjenjemere, mudzaona timadontho pambali pa Jupiter, miyezi yake inayi yomwe Galileo anaiona mu 1610, ndipo sikirini idzakuuzani kuti Io ndi uti, Ganymede ndi uti. Odzagula telesikopu adziwe kuti zambiri zimatembenuza chithunzi. Ctrl, Shift ndi H kapena V amatembenuzanso sikirini kuti zifanane. Dzuwa lokha musaliyang'ane ndi chida chilichonse chotere, ngakhale pa kadamsana. Limawotcha diso nthawi yomweyo, ndipo silichira.

Mayina onsewa ndi achilendo. Athu a Chichewa mulibe?

Mu F4 muli gawo la mayina a nyenyezi a mitundu yosiyanasiyana ya anthu: Aiguputo, Atchaina, Amaori, ngakhale Azulu ndi Axhosa. Nditafufuza mndandandawo, athu sindinawapeze. Chikhalirecho mayina tili nawo. Nthanda ya m'bandakucha ndi Venus, pulaneti osati nyenyezi, ndipo mukathamangitsa miyezi ndi L mudzaona kuti yowala ya madzulo ija ndi yomweyo, imangosinthana mbali n'kubwerera pomwe inayambira pa masiku 584 alionse. Kagulu kothithikana komwe pulogalamu imati Pleiades ndi Nsangwe, yomwe imatuluka kuvuma madzulo mu Novembala, mvula ikamayamba. Zitatu zondondozana za Orion ndi Akamwiniatsatana, ndipo amene anatcha dzinali ankaudziwa bwino moyo wa pachikamwini. Omasulira Buku Lopatulika anawagwiritsa ntchito mayinawa pa Yobu 9:9, umboni woti anthu ankawadziwa. Mlalang'amba uja woyera ngati njira ya phulusa tikuutchulabe.

Ena atsala m'mitu ya okalamba okha, ndipo amasiyana dera ndi dera. Stellarium imalola aliyense kuwonjezera mayina a kwawo. Ndi mafayilo olembedwa wamba, safuna digiri. Chosowa ndi mayinawo. Mukapita kumudzi mwezi uli mumdima, nyamulani kalaputopuko ndi kope. Akhazikeni agogo pamkeka, aloze okha, inu mudine nyenyeziyo pasikirini, mulembe dzina lawo pambali pa la pulogalamu, mudzi ndi deti, komanso zimene ankachita nyenyeziyo ikatuluka. Funsani chaka chino.